DVD ya Alois Nebel, katuni yomwe inagonetsa ana koma amalume osaphethira

Anzanga ena mwakhala mukundivuta kuti filimu ija ndinakuonetsani kabokosi kake mwezi watha ili bwanji, ndiye lero ndikambe. Ndinachedwa dala chifukwa ulendo woyamba malaiti anathima tili pakati, wachiwiri ana anali kusokosa mpaka ndinangozimitsa ndi mtima, wachitatu ndi pamene ndinaionera bwinobwino kuyambira poyamba mpaka kumapeto ndipo pano ndaionera kanayi. Dzina lake Alois Nebel, ya ku Czech Republic, inatuluka mu 2011. Ndikambiretu, ngati mufuna ija ya zibakera, magalimoto kuphulika, mkazi kupezerera mwamuna ndi chibwenzi, muno mulibe, pitirirani chabe musataye mabandulo anu.

Anandibweretsera ndi msuweni wanga wamkazi amene ali pa sukulu kumeneko, aphunzira zaulimi, anabwera pa holide. Asananyamuke anandifunsa pa WhatsApp ati asuweni ndikutengereni chani, ine ndinati chilichonse bola chisakhale chokoleti chifukwa chimenecho ana amaliza tsiku lomwelo ine osalawako, ndiye pakuti amadziwa misala yanga ya masitima analowa mu shopu nagula DVD iyi. Ndinamubwezera ndalama yake pa foni ngakhale anali kukana, siinafike ndi pa mtengo wa thumba la ufa la 25kg. Ine za dziko la Czech ndinali kudziwako ziwiri chabe, Petr Čech goloboyi wakale wa Chelsea uja wa chipewa, ndi Bata. Inde Bata yomweyi imene tinakulira, nsapato zakuda za kusukulu zija ankatigulira zazikulu kuti tikuliremo, kampani yake inayambira ku tauni ya Zlín mu 1894, anaiyambitsa Tomáš Baťa ndi abale ake. Ambiri kuno timaiyesa yathu.

Za kabokosi ndi disiki tisatayepo nthawi. Chithunzi chakuda ndi choyera, mdala wa magalasi ndi ndevu za pamlomo, zolemba zonse za Chicheki zilembo zake zovala tizipewa pamwamba. Laputopu yanga inakana ati region, kaili ma DVD a ku Europe ndi a region 2 pamene ife kuno tili mu 5, ndinaopa kusintha chifukwa laputopu imangokulola kusintha kangapo kenako imatseka basi. Koma kapuleya kotchipa kamene ndinagula ku Down Shops zaka zapitazo, kopanda ndi dzina lodziwika, kanangoimeza osafunsa kanthu. Menyu nayo ndi ya Chicheki, musavutike ngati ine, funani liu lakuti titulky, ndiye ma subtitle amenewo, musankhe Chingerezi. Pa TV yanga yaing'ono tizilembo toyera timasowa pamene chithunzi chayera, ndinachita kukokera mpando pafupi. Kutalika kwake ndi mphindi 84.

Vuto linayambira pa ine mwini, ndinalengeza m'nyumba kuti lero kuli katuni. Ana anasamba msanga tsiku limenelo popanda kuwathamangitsa, anayala mphasa kutsogolo, ndi a neba awiri anabwera. Mphindi khumi zisanathe wamng'ono ati adadi TV yaonongeka kala yachoka, wamkulu ati nanga akamba liti, pofika theka la ola onse anali mkonono ndipo zinakhala bwino kuti anagona chifukwa kutsogoloko muli zinthu zosayenera ana, magazi, kuzunza anthu m'chipatala ndi zina. Amake ana anapirira pang'ono kenako anati imeneyi ndi filimu kapena maliro, nanyamuka kukasankha nyemba. Tinatsala awiri, ine ndi amalume amene anali atabwera kuchokera kumudzi cha ku Chadiza kudzaonetsa maso kuchipatala.

Katuni yake si ija mukuiganiza. Anayamba ajambula anthu enieni akusewera, ndi kamera, kenako akatswiri anakhala pansi ndi kulemba pamwamba pa zithunzizo chimodzichimodzi, ndiye munthu ayenda ngati munthu, kutsokomola ngati munthu, kukoka fodya ngati munthu koma nkhope ndi ya inki. Amene anasewera Alois ndi Miroslav Krobot, wotsogolera filimu ndi Tomáš Luňák. Chimene chinandigwira ine ndi kuwala, nyali ya sitima ikamabwera usiku kudutsa m'mitengo, kuwalako kumalowa pa windo kuyenda pakhoma pa chipinda mpaka pankhope pa mdala ali gone maso ali gwa, zimenezo ndinabwezera kawiri. Mvula yake, utsi wa fodya, chipale chija chimagwa kwao, zonse ndi zakuda ndi zoyera chabe koma umamva kuzizira uli pa Chipata mu Okutobala.

Nkhani ili motere. Ndi chaka cha 1989, Alois ndi wantchito pa kasitesheni kakang'ono ka Bílý Potok m'mapiri a Jeseníky pafupi ndi boda ya Poland, ndiye amene amalandira masitima ndi kuwalola kupita. Alibe mkazi, alibe anzake, ali ndi pusi ndi mabuku akale a nthawi za masitima, mtima ukamuvuta amakhala pansi kuwerenga mokweza maina a masitesheni ndi nthawi zake ngati mmene ena amachitira korona. Nthawi zina kumagwa nkhungu, ndipo dzina lakelo Nebel pa Chijeremani ndi nkhungu, mukaliwerenga chobwerera likhala Leben kutanthauza moyo. Nkhungu ikagwa mdala amaona za kale, za 1945 ali mwana, pa sitesheni yomweyo anthu akukwezedwa m'mabogi ndi mitolo yawo, ndi mtsikana wa Chijeremani Dorothe amene ankamulera akuchitidwa zoipa iye akuona. Mnzake wa pantchito Wachek, wosintha njanji, ndi tambwali, amagulitsana katundu ndi asilikali a Soviet Union, mafuta, zakumwa, chilichonse, ndipo akufuna mpando wa Alois. Apo amalume anaseka koyamba ati ameneyu ndimudziwa, pa sitesheni iliyonse amakhalapo mmodzi. Ine ndinakumbuka anyamata athu a njinga odutsa njira za zalewa kuseri kwa Mwami ndi matumba usiku, boda ndi boda basi kaya ku Europe kaya kuno.

Kenako mutu wa Alois usokonekera, amutengera kuchipatala cha amisala, kuno tikanangoti apita naye ku Chainama. Kumeneko akumana ndi munthu wina wosalankhula amene anadumpha boda atanyamula nkhwangwa ndi chithunzi chakale, apolisi amumenya kuti akambe koma iye duu. Alois potuluka apeza dziko latembenuka, boma lagwa, ntchito yake kulibe, akwera sitima kupita ku Prague, likulu la dzikolo, kukadandaula kwa akuluakulu a njanji, ndipo amathera kugona pa sitesheni yaikulu pamodzi ndi osowa pokhala. Pamenepo ndi pamene akumana ndi Květa, mayi wosamalira matoileti a pa sitesheni. Chikondi chake cha anthu aakulu, chamanyazi, chopanda ndi liu limodzi lotsekemera. Za nkhwangwa ija ndi kumene ikupita sindiulula, koma mfuti ikapachikidwa pakhoma mudziwa kale kuti si yokongoletsa.

Apa ndipamene ndiyenera kuikamba zoipa filimuyi, siikuthandiza munthu wakunja ngakhale pang'ono. Ulendo woyamba ndinali kungoona anthu akukankhidwira m'sitima osadziwa kuti ndani akuthamangitsa ndani ndipo chifukwa chani, ndinayesa ndi Ayuda akutengedwa ndi Hitler, kumeneko ndinaphonya. Msuweni ndi amene anandimasulira pa foni. M'malire a dziko la Czechoslovakia, limene kale linali Czech ndi Slovakia pamodzi, munkakhala anthu olankhula Chijeremani kwa zaka mazanamazana, midzi yawo, matchalitchi awo, manda awo. Mu 1938 Hitler analanda madera amenewo, ambiri a iwo anamuombera m'manja, ndiye nkhondo itatha mu 1945 eni dziko anabweza, anthu pafupifupi 3 miliyoni anathamangitsidwa mu 1945 ndi 1946, wolakwa ndi wosalakwa yemwe, agogo ndi makanda, nyumba zawo analowamo ena. Mu ulamuliro wa chikomyunizimu nkhani imeneyi sinali yokamba pagulu. Asilikali a Soviet aja Wachek agulitsana nawo analowa ndi akasinja mu Ogasiti 1968 ndipo anachoka mu 1991. Pa 17 Novembala 1989 apolisi anamenya ana a sukulu amene ankaguba mu Prague, anthu anadzaza misewu, masabata ochepa boma linagwa ndipo pa 29 Disembala Václav Havel, wolemba masewero amene anakhalapo m'ndende, anakhala pulezidenti. Zonsezi mufilimu zimangodutsa pa wailesi ndi pa mapepala omata pakhoma, ngati suzidziwa zikupita pamutu. Mukafuna kuionera yambani mwawerenga ndime ino kawiri.

Manje za amalume. Iwowa anagwira ntchito ya njanji zaka zambiri kumigodi ndi cha ku Kabwe, pa timasitesheni ta m'tchire tija sitima imangoima kudikira inzake idutse, ndipo ndi munthu wosakamba, kunyumba timawaopa chifukwa cha chete wawoyo. Ine chikondi cha masitima ndinatengera kwa iwo, ndili mwana ankabwera pa livi ndi wisulo m'thumba. Chingerezi cha pa TV sangachiwerenge ndi maso awo aja ndiye ndinayamba kuwamasulira, anandikweza dzanja ati leka mphwanga ndikumva. Chicheki! Koma zoona anali kumva. Alois akatuluka panja kuima chilili sitima ikudutsa, iwo msana unali kuongoka pampando. Pamene anayamba kuwerenga maina a masitesheni ndi nthawi, ndinamva amalume akung'ung'udza pansipansi, kutchera khutu ndinapeza akutchula awo, Kabwe, Kapiri, Ndola, ndi tina tamaina timene sindinatimvepo. Ati usiku pa siding ukakhala wekha, mphepo ili kuu, ukapanda kukamba ndi buku umayamba kukamba ndi mitengo.

Pofika pa Prague paja Alois akuzungulira m'maofesi ndi kugona pa benchi, amalume anapempha madzi akumwa. Nkhani iyi ndinali kuidziwa kwa amai koma kwa eni ake ndinali ndisanaimve, kuti atasiya ntchito zaka za m'ma 1990, boma litasintha kuno mu 1991 zinthu zonse zili mwina, anapita ku Lusaka kukalondola ndalama zawo ku ofesi ina, bwerani mawa, fayilo siikuoneka, abwana ali pa miting'i, mpaka ndalama ya malo ogona inatha nagona pa sitesheni ya mabasi masiku angapo atavala jekete la suti. Anaikamba mwachidule maso ali pa TV, kenako ati mayi wa matoiletiyo ndi munthu, amene amakuthandiza m'tauni ndi otere, osati a mataye. Ndipo pa anthu okwezedwa m'mabogi aja anakumbuka anthu a ku Mozambique amene ankalowa cha kwathu ku Chadiza ndi ku Katete kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuthawa nkhondo, mitolo pamutu, mbuzi pachingwe, ena anakawaika ku Ukwimi ku Petauke. Ati mtolo wa munthu wothawa umamangidwa chimodzimodzi kulikonse. Usiku umenewo anakamba mau ambiri kuposa amene ndawamva kwa iwo chaka chonse.

Ndiye ndinafuna kudziwa kuti ndani analemba chinthu chimene chatsegula pakamwa pa mdala ameneyu. Dzina lake Jaroslav Rudiš, anabadwa mu 1972 ku Turnov, anakulira ku katauni ka Lomnice nad Popelkou, ndipo masiku ano amakhala uku ndi uku, kwao ndi ku Berlin. Mbiri yake ndi imene inandimaliza. Agogo ake aamuna anali wosintha njanji, amalume ake woyendetsa sitesheni, msuweni wake dalaivala wa sitima, iye naye ankafuna zomwezo koma maso anamukaniza, wa magalasi sankamulola. Tangoganizani banja lonse la yunifolomu iwe wekha akubweza pa geti. Anakaphunzira Chijeremani ndi mbiri yakale, anaphunzitsako sukulu, anakhala mtolankhani pa nyuzipepala ya Právo, koma masitima sanamuchoke, anangowasamutsira papepala. Buku lake loyamba Nebe pod Berlínem la mu 2002 ndi la mphunzitsi wa ku Prague amene athawa ntchito kupita ku Berlin kukaimba nyimbo m'masitima apansi panthaka, ndipo linapata mphoto ya Jiří Orten imene amapatsa olemba achinyamata.

Alois Nebel sanayambe ngati filimu, anayamba ngati mabuku a zithunzi, ma comic aja, Rudiš kulemba mau, mnzake Jaromír 99 kujambula, dzina lake lenileni Jaromír Švejdík, woimba wa gulu la Priessnitz wochokera kumapiri komweko. Anatuluka atatu, Bílý Potok mu 2003, Hlavní nádraží mu 2004 ndi Zlaté Hory mu 2005, kenako awiri omwewo analemba filimu. Inaonetsedwa ku Venice mu 2011 ndipo mu 2012 inapata mphoto ya European Film Award ya filimu yojambula pamanja yopambana. Nyimbo ina ya mufilimuyi, Půlnoční, anaimba mdala Václav Neckář, msuweni akuti ikafika Khirisimasi kumeneko umaimva paliponse mpaka kutopa nayo.

Koma munthuyu sakhala malo amodzi ai. Mu 2006 anatulutsa Grandhotel, buku ndi filimu chaka chimodzi, filimuyo anatsogolera David Ondříček, nkhani ya mnyamata wa pa hotela ya pamwamba pa phiri la Ještěd ku Liberec amene amangoyang'ana mitambo osatha kuchoka m'tauni yake. Amalemba masewero a pa siteji, ena ndi mnzake Petr Pýcha monga Léto v Laponsku, amalemba a pa wailesi, ali ndi gulu loimba la Kafka Band ndi Jaromír 99 yemweyo kumene amatenga mabuku a Franz Kafka kuwasandutsa nyimbo. Limene ine ndikulifuna kwambiri ndi Národní třída la mu 2013, filimu yake inatuluka mu 2019. Ndi la chidakwa china cha ndeu cha m'mafulati a kunja kwa Prague chimene anthu amachitcha Vandam, inde kuchokera kwa Van Damme yemwe uja tinkalipira makobiri kukamuonera m'mavidiyo sho a ku Kapata, ndipo chimadzitama mu bala kuti ndicho chinaponya chibakera choyamba tsiku lija la mu Novembala 1989. Ndani wa ife sadziwa mdala wotere, amene akaledzera amati ufulu uno tinaumenyera ndife.

Mu 2019 anachita china, analemba buku lonse m'Chijeremani osati m'chilankhulo cha amake, Winterbergs letzte Reise, la nkhalamba ya zaka 99 yobadwira ku Liberec imene iyenda pa sitima ndi woisamalira wa Chicheki kuzungulira pakati pa Europe itanyamula buku la apaulendo la mu 1913, ndipo linalowa pa mndandanda wa mphoto ya Leipzig Book Fair. Onani mmene zinthu zimazungulirira, mdzukulu wa dziko limene linathamangitsa olankhula Chijeremani akulemba nkhani yawo m'chilankhulo chawo chomwecho. Mu 2021 anatulutsa buku lonse la kayendedwe ka pa sitima, chaka chomwecho boma la Germany linamupatsa mendulo yaulemu. Ndipo Chicheki sanachitaye, amalemba zonse ziwiri, osati ife tikangodziwa Chingerezi ndi meseji ya kwa amai timailemba m'Chingerezi.

Chimene ndaona ine pa ntchito zake zonsezi, munthuyu salemba za mapulezidenti. Chaka cha 1989 ena onse angakuonetse khamu la anthu pabwalo ndi mbendera, iye akuonetsa mdala amene sanagube, sanaimbe, anali m'chipatala pamene zonse zinkachitika, potuluka anangopeza mpando wake pakhala wina. Wa pa sitesheni, wa matoileti, wa mu bala, wa pa hotela. Anthu amene dziko likatembenuka sawafunsa koma ndi amene amagwa pansi. Nchifukwa chake amalume anaimva popanda womasulira.

Zoipa zina ndisabise. Ndi yochedwa, ndipo pena kuchedwako kulibe phindu, pali malo pakatipa pamene ngakhale ine ndinatenga foni. Alois ndi wachete mopitirira, pena umafuna kumugwedeza kuti bambo kambani kanthu, akukudyerani ntchito muli maso. Azimayi ake awiri onse sanapatsidwe mpata, Dorothe timangomuona akuvutika, Květa timangomuona akusamalira mwamuna, amake ana atamva ndikufotokoza anati ndiye zachilendo nzotani pamenepo, ndinasowa choyankha. Mabuku atatu kuwapanikiza mu mphindi 84 zinthu zina zimadumpha, munthu wangoonekera kenako wasowa, ndipo kumapeto zonse zimabwera pamodzi mothamanga, chimvula, madzi osefukira, nkhwangwa, pamene ola lonse tinali kuyenda ngati kamba. Komanso mukaionera masana chitseko chili chotsegula simuona kanthu, imafuna usiku, nyali zozima, foni kutali ndi malaiti amene sathima.

Chinanso chondiwawa si cha filimu koma chathu. Ndinazungulira mashopu a mabuku m'tauni muno kufunsa ngati angandipezere buku lililonse la munthuyu, kwina mtsikana anandiyang'ana ngati ndatukwana nandionetsa shelefu ya mapasti pepa a Giredi 12. Sindimuimba mlandu, amagulitsa zimene anthu amagula. Ambiri mwa mabuku akewo ali m'Chicheki ndi m'Chijeremani, ndiye kwa ine DVD iyi ndiyo khomo lokhalo, mwina ndi filimu ya Vandam ija ngati msuweni adzaipeza ya ma subtitle.

M'mawa mwake tisanapite kuchipatala amalume anati tidzere ku sitesheni. Mudziwa njanji yathu ya Chipata kupita ku Mchinji, anaiyamba zaka za m'ma 1980 nkuima, anadzaitsegula mu 2010 kuti katundu azidzera ku Malawi mpaka ku doko la Nacala, tsiku lotsegulira ine ndinalipo ndi mbendera ya pepala ndikuganiza kuti posachedwa ndidzakwera sitima kupita ku Lilongwe, mpaka lero sindinakwerepo. Tinapita pa njinga za hayala, ine yanga iwo yawo. Anatsika, anayenda mpaka pa njanji, anawerama kugwira chitsulo ndi dzanja, anayang'ana uku ndi uku nthawi yaitali. Ine ndinadikira kuti akamba chinachake chachikulu. Anangoti njanji ikamayendedwa imawala pamwamba, nakwera njinga.

Nyenyezi ndipereka 4 pa 5, imodzi ndachotsa chifukwa cha kuchedwa ndi kusafotokoza. Amake ana apereka 1 ati ya pusi. Ana akuti ndiwabwezere tsiku lawo. Ngati munakulira m'nyumba ya wa njanji, wa kumigodi, mlonda, kapena muli ndi mdala kunyumba amene sakamba za kale, ipezeni muonere naye, koma musamuuze kuti ndi katuni.

Amene mufuna kubwereka, disiki ilipo koma kabokosi kulibe. Amalume pobwerera ku Chadiza anakatenga pa tebulo naika m'thumba la jekete, ndinati amalume disiki yatsala mu puleya komanso kumudzi mulibe malaiti, ati ndidziwa, ndifuna chithunzi cha mnzangayu chikakhale mu sutikesi pamodzi ndi wisulo. Ndiye disiki ndaikulunga mu envelopu ya khaki, mubwere nayo puleya yanu yosasankha region, ndipo ibwerere Lachisanu chifukwa alamu anga a ku Katete anaitanitsa kale.